Moto uzidya pomaliza: kasungidwe ka mphamvu ndi chonde pakhomo

Pafupifupi chilichonse chimene banja limadya, kuphikira kapena kuwotha chinayambira pa tsamba lobiriwira. Nsima ndi dzuwa limene chimanga chinakola kuyambira Disembala mpaka Epulo. Nkhuni ndi dzuwa limene mtengo unasunga kwa zaka. Dzira, mkaka, uchi, usipa, ngakhale nyonga za ng'ombe yokoka ngolo, mukazilondola bwino mukathera pa chomera. Banja limene lamvetsa mmene mphamvu imeneyi imayendera limadziwa chosunga ndi chotaya, ndipo limawononga ndalama zochepa pa feteleza ndi nkhuni.

Pali mfundo ziwiri zoyenera kuzigwira tisanafike pa ntchito yeniyeni.

Yoyamba ndi yakuti mphamvu imayenda ulendo wosabwerera, ndipo imanka nichepa. Pa kuwala konse kumene kumagwa pamunda, mbewu zimakola gawo limodzi kapena awiri okha mwa magawo 100. Mbuzi ikadya msipu, zambiri mwa zimene yadya zimathera pa kuyenda, kupuma ndi kutenthetsa thupi, zina zimatuluka ngati ndowe. Zosanduka nyama ndi zochepa. Katswiri wina wa ku America, Raymond Lindeman, anafotokoza zimenezi mu 1942 ataphunzira zamoyo za m'kanyanja kena ku Minnesota, ndipo lero akatswiri amayerekeza kuti chodya chilichonse chimasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya chimene chadya. N'chifukwa chake m'Nyanja ya Malawi tizomera tosaoneka ndi maso timachuluka kuposa usipa, usipa umachuluka kuposa ncheni ndi kampango, ndipo nkhwazi ndi zowerengeka.

Yachiwiri ndi yakuti chonde chimazungulira. Michere imene chimanga chinatenga m'nthaka ili m'njere, m'mapesi, m'gaga ndi m'zitosi za nkhuku imene yadya gagayo. Ikabwerera kumunda, chiswe, nyongolotsi, bowa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'dothi timaimasula kuti mizu iyamwenso. Ikapanda kubwerera, mudzaigula m'thumba.

Malangizo onse otsatirawa akuchokera pa mfundo ziwirizi.

Munda ukhale wobiriwira miyezi yambiri

Munda wa chimanga chokhachokha umakola dzuwa miyezi inayi. Miyezi yotsalayo dzuwa limangowamba dothi. Ntchito yoyamba ndi kuwonjezera masamba ogwira ntchito.

Bzalani nandolo pakati pa chimanga. Amakula pang'onopang'ono poyamba, motero sapikisana kwambiri ndi chimangacho, ndipo mukakolola iye amatsala ali wobiriwira mpaka chilimwe chifukwa mizu yake imapita pansi. Amakupatsani ndiwo, masamba ake oyoyoka amaphimba nthaka, mitengo yake youma mumaphikira. Nandolo, mtedza, soya, khobwe ndi nyemba zili ndi timibulu kumizu mmene mumakhala tizilombo totenga nayitrojeni mumpweya, mchere womwewo umene mumaufuna mukamagula Urea. Alimi a ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, akhala akuyesa kuyambira cha m'ma 2000 kubzala mtedza ndi nandolo pamodzi chaka chimodzi, chaka chotsatira n'kuikapo chimanga. Gawani munda wanu kuti kasinthasintha wotere azichitika. Amathandizanso kufooketsa kaufiti, amene amakonda nthaka yoguga yolimidwa chimanga chaka ndi chaka. Maungu musawaiwale: masamba ake amatchinga dothi ku madontho a mvula, pamene inu mukuthyola nkhwani.

Mitengo ya m'munda isankheni bwino. Nsangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene mbewu zikufuna kuwala, n'kuphukanso m'chilimwe. Chimanga cha pansi pake chimaoneka ndi maso kuti chadya bwino, ndipo ziweto zimakonda zipatso zake. Njere za nsangu zili ndi chikopa cholimba, choncho zipaleni pang'ono mbali imodzi ndi kuziviika usiku umodzi musanafese. Powokera, siyani mamita pafupifupi 10 pakati pa mtengo ndi unzake. Nsangu umafuna kudekha chifukwa phindu lake limabwera patapita zaka. Wofuna zachangu abzale gliricidia, amene anayesedwa kwa zaka zambiri pamodzi ndi chimanga ku Makoka, pafupi ndi Zomba. Mumamudula m'munsi, chapafupi ndi bondo, kawiri kapena katatu pa chaka, masamba n'kuwakwirira m'mizere, timitengo n'kupita kukhitchini. Bulugamu ayi: amamwa madzi ambiri, choncho akhale kutali ndi dimba, chitsime ndi munda.

Mtengo wosavuta kuposa yonse ndi umene uli kale m'nthaka. Zitsa za mitengo yachilengedwe zimaphukira chaka chilichonse, ife n'kumazisadza polima. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo mudule, ndipo muzitengulira chaka ndi chaka. Mizu yake ndi yakale, motero zimakula msanga kuposa mbande ya kunazale, ndipo sizifuna kuthirira.

Madzi a kubafa ndi a patsukambale asamangodikha. Kumbani kangalande kopita pa phando la nthochi kapena papaya. Udzudzu usowa poswanirana, inu mupeza zipatso.

Chotsala chilichonse chikhale ndi mzere wa ochidya

Popeza mphamvu sibwerera, nzeru ndi kuidutsitsa pakamwa pambiri isanathe. Musanataye kapena kuyatsa kanthu, dzifunseni mafunso anayi motsatana. Kodi munthu angadye? Ngati ayi, chiweto chingadye? Ngati ayi, nthaka ingadye? Moto ubwere pomaliza, ndipo ukhale wa pansi pa mphika.

Chimanga chabwino ndi cha anthu. Kudyetsa nkhumba chimanga chimene ana akanadya ndi kutaya magawo ambiri a chakudyacho kuti mupeze nyama yochepa. Ubwino wa chiweto pakhomo ndi wakuti chimadya zimene ife sitingathe: nkhuku zimatola chiswe, ziwala, gaga ndi mikute, mbuzi ndi akalulu zimadya masamba, makoko a nandolo ndi masangwe a mtedza. Zimenezi zimasanduka mazira ndi nyama, ndipo theka lina la phindu limatsala m'khola. Choncho ziweto zizigona m'khola lofoleredwa, loyalidwa udzu kapena mapesi oduladula kuti amwe mkodzo. Khola la mbuzi lam'mwamba ndi labwino chifukwa ndowe zimagwera pansi, zosavuta kuwola ndi fosholo. Mbuzi yogona pabwalo imamwaza chonde chanu m'njira.

Mapesi a chimanga musatenthe. Mukayatsa munda, nayitrojeni ndi salufa zimapita ndi utsi, chakudya cha tizilombo ta m'nthaka chimatha, ndipo phulusa lotsalalo mphepo ya Okutobala imaliulutsa. Mvula yoyamba imapeza dothi lili poyera n'kulikokolola. Kafukufuku wina anayerekeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka, ndipo limene limayamba kupita ndi lapamwamba, lachonde. Gonekani mapesi pansi kuti aphimbe nthaka, monga amachitira a ulimi wa mtayakhasu, kapena akwirireni m'makwawa mutangokolola, dothi lisanaume. Ambiri amaopa chiswe. Komatu chiswe chikapeza zouma zokwanira pansi chimatanganidwa nazo, ndipo tinjira take timalowetsa madzi m'nthaka. Pamunda wotsetsereka onjezani akalozera ndi mizere ya udzu wa vetiva.

Pali zochepa zoyenera kuwonongedwa. Mitengo ya fodya ndi ya thonje izulidwe msanga monga alangizi amanenera, kuti matenda ndi tizilombo zisagonere nyengo yotsatira. Kaufiti muzuleni asanachite maluwa. Amene wabereka kale njere mutentheni pamalo amodzi, asalowe m'manyowa. Chinangwa chodwala ndi tomato wofota ndi matenda nazonso zisasakanizidwe ndi zinyalala zabwino.

Kapangidwe ka manyowa a mulu

Nthawi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Julayi, zobiriwira ndi madzi zikadalipo. Kaya mumakonda a m'dzenje, a chimato kapena a changu, maziko ake ndi amodzi: zouma, zaziwisi, ndowe, chinyezi ndi mpweya.

1. Sankhani malo a mthunzi, pafupi ndi munda kapena khola, osadikha madzi. Yezani mita imodzi ndi theka mbali zonse.
2. Pansi yalani timitengo kapena mapesi osadula kuti mpweya uzilowa.
3. Ikani zouma zoduladula, monga mapesi, udzu ndi masamba, kutalika ngati chikhatho ndi theka. Wazani madzi.
4. Pamwamba pake ikani zaziwisi: masamba a gliricidia, a nandolo, masangwe, makoko a nthochi ndi zotsala za ndiwo zamasamba.
5. Thirani ndowe kapena zitosi, kenako wazani dothi lapamwamba pang'ono ndi kaphulusa kochepa. Phulusa likachuluka limathamangitsa nayitrojeni wa m'ndowe.
6. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno kapena pachifuwa. Zikani ndodo yosongoka pakati, ndipo fundikani ndi udzu kapena masamba a nthochi. Opanga chimato amamata mulu wonse ndi dothi, n'kusiya kabowo pamwamba.

Pakatha masiku atatu kapena anayi, zulani ndodo ija muikhudze. Ikakhala yotentha ndi yonyowa, ntchito ili mkati. Kutenthako ndi mphamvu ya dzuwa yomwe inali m'mapesi, imene tizilombo tikuigwiritsa ntchito, ndipo kumapha njere zambiri za udzu. Ndodo ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi zaziwisi. Mulu ukamanunkha ngati zovunda, madzi achuluka: ugwedezeni, muonjezere zouma. Chinyezi choyenera muchidziwa pofinya m'manja. Zizigwirana koma osachucha madzi. Tembenuzani mulu milungu iwiri kapena itatu iliyonse, zakunja zilowe mkati. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala akuda, ozizira, onunkhira dothi la m'nkhalango. Asungeni pamthunzi atafundikidwa, ndipo pothira muziika paphando, manja awiri odzaza, n'kukwirira.

Manyowa sathetsa kufunika kwa feteleza pamunda wotheratu, koma nthaka ya manyowa imasunga chinyezi ndi kugwira feteleza wochepa amene mwakwanitsa kugula kuti asatsike ndi madzi. Mapepala a pulasitiki, mabatire akutha, magalasi ndi mabotolo a mankhwala zisalowe pa mulu kapena m'khola. Palibe kachilombo ka m'nthaka kamene kamadya zimenezo, ndipo jumbo ikamezedwa ndi mbuzi imatseka m'mimba.

Kukhitchini

Pa mafuwa atatu, kutentha kochuluka kumathawira m'mbali. Mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene magulu ambiri a amayi amaumba m'dziko muno, imasonkhanitsa moto pansi pa mphika, imadya nkhuni zochepa ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Kaya muli nayo kaya mulibe, izi zimathandiza:

- Umitsani nkhuni ndi kuzisunga pansi pa denga. Nkhuni yaiwisi imayamba yawiritsa madzi ake isanawiritse anu, ndipo utsi wake umavulaza chifuwa ndi maso, makamaka a mwana ali kumsana.
- Wazani nkhuni zikhale zing'onozing'ono, musonkhezere ziwiri kapena zitatu basi.
- Viikani nyemba usiku wonse. Zimapsa msanga.
- Vundikirani mphika, ndipo tchingirani moto ku mphepo.
- Konzeranitu zonse musanakoleze: ndiwo zikhale zotsadzula, ufa uli pafupi.
- Nyemba kapena mpunga zikawira bwino, phulani mphika muuike m'dengu loyalidwa nsanza kapena udzu wouma, mufundike bwino. Zimapitiriza kupsa popanda nkhuni.
- Mukatha kuphika, fumulani zikuni muzimitse kuti mudzakolezerenso.

A m'tauni adziwe kuti thumba la makala limabisa mitengo yambiri. Mu uvuni wa dothi, kilogalamu imodzi ya makala imadya makilogalamu asanu a nkhuni kapena kuposa, ndipo mphamvu yoposa theka imathera kutchire komweko. Amene angathe aphikire gasi, magetsi kapena makala a m'minda ya mitengo yololedwa ndi boma. Amene sangathe, mbaula yomatidwa dothi mkati ndi chivundikiro pa mphika zimachepetsa matumba a pa mwezi.

Musaphe alonda

Tizilombo towononga mbewu tili ndi otidya, ndipo otidyawo amakhala ochepa nthawi zonse, monga taonera ndi nkhwazi. Mukapha onse pamodzi, owononga amabwerera msanga chifukwa amaswana mofulumira, pamene alonda amatenga nthawi.

Kadzidzi ali ndi mbiri yoipa m'midzi mwathu, koma banja limodzi la akadzidzi limatha kudya makoswe ndi mbewa zopitirira 1,000 pa chaka. Akamanga chisa pafupi ndi nkhokwe, abwera chifukwa cha makoswe. Achule, abuluzi, nanzikambe, akangaude, mileme ing'onoing'ono ndi mbalame zambiri zimadya tizilombo usana ndi usiku. Nyerere ndi mavu zimagwira mbozi za ntchemberezandonda, zimene zavutitsa alimi a chimanga kuyambira cha mu 2017. Siyani kamzere ka tchire ndi maluwa m'malire a munda kuti alondawa akhale ndi pobisala, ndipo ana a malegeni muwauze chifukwa chake.

Poizoni amayenda m'njira yomweyo imene chakudya chimayenda. Khoswe wodya mankhwala akadyedwa ndi mphaka, galu kapena kadzidzi, mankhwalawo apitirira. Yambani ndi misampha, mphaka, kusesa pankhokwe ndi kusunga chimanga m'matumba osalowa mpweya. M'munda muziyendera mbewu kawiri pa mlungu, kuphwanya mazira a mbozi ndi kuzitola zikadali zochepa. Ngati kupopera n'kosapeweka, funsani mlangizi, tsatirani muyezo wolembedwa, poperani madzulo njuchi zitabwerera, ndipo musatsukire sipuleya mumtsinje. Popanda njuchi, maungu, mpendadzuwa ndi zipatso zambiri zimabereka mopereweza.

Gawo la ena

Malire a munda amalekanitsa eni ake, koma madzi, utsi ndi moto sizidziwa malire. Dothi lochoka m'minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi mitsinje yothira mmenemo limakadzaza pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kusokoneza makina opangira magetsi. Wolima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje amagumulira anzake a kumunsi madimba. Siyani mpata wa bango, nsenjere ndi mitengo m'mbali mwa madzi, ngakhale dothi la pamenepo likukopa. Moto wa osaka mbewa umapereka ndiwo za tsiku limodzi, koma umatha udzu wofolera, msipu, mphukira ndi mapesi a mudzi wonse. Mbewa zimagwidwa ndi misampha ndi khasu. Moto ndi ulesi chabe.

Pali gawo la ana amene sanabadwe. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, mu ndime 13, amatchula ufulu wa mibadwo yam'tsogolo pa nkhani ya chilengedwe, koma makolo anayamba kalekale kuchita zimenezi. Nkhalango ya kumanda siidulidwa mwachisawawa, ndipo m'midzi yambiri ndi mokhamo mmene mwatsala mitengo ikuluikulu yachilengedwe, yopereka njere ku dera lonse. Pa chilumba cha Mbenji, ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amapezabe nsomba kumeneko. Pa nyanja ya Malombe, pamene makoka a maso ang'onoang'ono anachuluka, chambo chinatsika kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Banja limene lili kutali ndi nyanja lili ndi mbali yake: musagule tiana ta chambo, ndipo masikito akhale otchinga udzudzu, asalowe m'madzi. Potola masuku, matondo kapena mphalabungu, musagwetse mtengo chifukwa cha zimene zili pamwamba pake. Pofuna mankhwala, sendani khungwa mbali imodzi, musazungulize thunthu.

Palinso gawo la zamoyo zimene sizitipatsa kanthu kooneka. Njoka yodutsa kutchire, kutali ndi nyumba, ilekeni ipite. Sikuti chilichonse chopuma chiyenera kusonyeza phindu lake kwa ife kuti chikhale ndi moyo.

Pa nkhani zonsezi chilungamo chisasowe. Bambo wokankha njinga ya makala kuchokera kuphiri nthawi zambiri alibe njira ina yopezera ufa, ndipo amene amamudikira ndi ndalama ndi ife a m'tauni. Mayi woyenda mtunda wautali kukatola nkhuni ndi amene amamva kuwawa koyamba mitengo ikatha, choncho mawu ake amveke posankha mitengo yobzala ndi malo ake.

Poyambira

Musayese zonse chaka chimodzi. Patulani kagawo ka munda, mizere 20 kapena 30, mugonekepo mapesi, muthirepo manyowa, mubzalepo nandolo, kenako mudzayerekeze ndi mbali inayo pokolola. Mangani mulu umodzi wa manyowa dzinja likangotha. Fesani njere za mitengo mu Sepitembala kapena Okutobala kuti mbande zidzakhale zokonzeka nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo muwerengere mitengo imene yapulumuka chilimwe, osati imene munabzala.

Chomaliza sichingatheke ndi banja limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mapesi anu ogonekedwa bwino angathe tsiku limodzi ndi mbuzi zotayirira kapena moto wa mnzanu. Kukolola kusanathe, pitani kwa amfumu pamodzi ndi oyandikana nawo minda, mukapemphe kuti mudzi ugwirizane zinthu zitatu: miyezi imene ziweto ziyenera kukhala ndi mbusa, tsiku lolambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi, ndi chindapusa cha woyatsa tchire. Zimene mwagwirizanazo zilembedwe, ziwerengedwe pabwalo anthu onse akumva, ndipo pasankhidwe anthu oziyang'anira.